Mwana wanga amangophwasula mabatire akutha, kodi imeneyi ndi ntchito?

Mayi wina wa ku Kasungu wafunsa motere: "Mwana wanga wamwamuna walemba mayeso a Fomu 4. Tsiku lonse amangokhalira kuphwasula mabatire a malaputopu akutha, kenako n'kumalumikiza timabatire ta m'katimo kuti tiziyatsa nyale. Akuti kunja kuli mafakitale amene amachotsa zitsulo m'mabatire akutha a galimoto zamagetsi ndi a sola, ndipo iye akufuna ntchito imeneyo. Kodi ndi ntchito yodyetsa munthu? Aphunzire chiyani?"

Mayi, ntchitoyo ilipodi, koma ili pawiri, ndipo mwanayo adziwe msanga kumene akulowera.

Mbali yoyamba ndi ya kufakitale. Batire likafika amayamba alithetsa moto wonse, n'kuliphwasula, kenako n'kuligaya m'makina otsekedwa bwino kuti lisayake. Akasefa, mkuwa, aluminiyamu ndi pulasitiki zimapita padera, n'kutsala ufa wakuda umene amautcha black mass. Chuma chili mu ufawu: lithium, nickel, cobalt, manganese ndi graphite. Ena amausungunula mu asidi wa sulphuric n'kumapatula chitsulo chimodzichimodzi, ena amaponya m'ng'anjo, monga imachitira kampani ya Umicore ku Hoboken m'dziko la Belgium. Mafakitale ambiri otere ali ku China, South Korea, ku Ulaya ndi ku America, ndipo akukula chifukwa cha malamulo. Lamulo la European Union la 2023 likufuna kuti pofika kumapeto kwa 2027 azipulumutsa 50 peresenti ya lithium wa m'mabatire akutha, ndi 80 peresenti pofika 2031.

Ofuna mbali imeneyi njira yake ndi yunivesite: Chemical Engineering kapena Metallurgy and Materials Engineering ku MUST ku Thyolo, Electrical Engineering ku MUBAS ku Blantyre, kapena maphunziro a Renewable Energy ku Mzuzu University. Pamafunika makirediti 6 a MSCE kuphatikizapo Chingerezi, ndipo Masamu, Physics ndi Chemistry akhoze bwino ndithu. Maphunzirowa satayika ngakhale asadzaone fakitale ya mabatire, popeza ndi omwewo amene amafunika kumigodi.

Koma ine ndikanamulozera mbali yachiwiri, chifukwa ndi imene ali nayo pafupi: kuyeza mabatire, kusankha abwino, kuwakonza ndi kusunga owonongeka mosamala. Mabatire a lithium afika kale kwathu kuno, m'mafoni, m'malaputopu, m'masola a m'nyumba, mpaka ku Golomoti ku Dedza kumene siteshoni ya magetsi a dzuwa ya 20 MW ili ndi mabatire a 10 MWh. Ndipo batire "lakutha" nthawi zambiri silinathe. La galimoto amalichotsa likatsala ndi mphamvu pakati pa 70 ndi 80 peresenti, pamene lingatumikirebe zaka zingapo pa sola. La laputopu limatha kufa chifukwa cha kabatire kamodzi kapena tiwiri, tina tonse tili bwino.

Timabatire timene mwana wanu akutulutsato ndi ta mtundu wa 18650, ndiye kuti mamilimita 18 m'mimba mwake ndi 65 m'litali. Kagwiridwe kake koyenera ndi aka. Ayeze kalikonse ndi multimeter, kachipangizo koyezera mavoti. Kamene kasonyeza pansi pa mavoti 2 asakatchajenso, chifukwa pamenepo mkuwa wa m'kati umakhala utayamba kusungunuka, ndipo ukhoza kudzachititsa shoti ya m'kati kabatireko kakadzadza. Totsalato atchaje mpaka mavoti 4.2 akukhudza ndi dzanja. Kotentha kwambiri kachoke. Atisiye sabata ziwiri n'kuyezanso: kamene katsika kwambiri kokha kakutaya moto m'kati. Kenako ayeze kuchuluka kwa moto umene kalikonse kamasunga, n'kulemba nambalayo pakabatirepo. Polumikiza aziphatikiza tofanana mphamvu, chifukwa kofooka ndi kamene kamayamba kudzadza n'kuyambanso kutha, ndiye kamakoka gulu lonse. Alumikize ndi spot welder (kamakina kowotcherera pa kadontho kamodzi mwachangu) ndi timalamba ta nickel, osati soldering iron, poti kutentha kwake kumawononga za m'kati. Ndipo asapange batire lopanda BMS, kabolodi kamene kamadula moto batire likadzadza kapena likatsika mopitirira. Ambiri amakasiya pofuna kupulumutsa ndalama, ndipo ngozi zambiri zimayambira pomwepo.

Asasakanizenso mitundu. Mabatire ambiri a sola a masiku ano ndi a LiFePO4, amene kabatire kake ndi ka mavoti 3.2 ndipo kamadzadza pa 3.65. Kutchaja kabatire kameneka mpaka 4.2 n'kukapha. Mtundu umenewu ulibe cobalt kapena nickel, choncho phindu lake lili pa kuukonza kuti ugwirenso ntchito, osati pa kuugulitsa ngati sikirapu. Apa asatengere za mabatire a mtovu a m'galimoto wamba, amene ogula zitsulo amalipira pa kilo.

Tsopano za kunyumba kwanu, mayi, ndipo izi musazengereze nazo. Mabatirewo achoke kuchipinda chogona lero. Lotupa, lobooka kapena lonunkha ngati mankhwala ochotsera utoto wa m'zikhadabo alimate selotepu yamagetsi kumapeto konse, aliike m'chitini chachitsulo chokhala ndi mchenga wouma, panja pamthunzi, kutali ndi udzu ndi chigafa cha fodya. Batire la lithium likayaka limadziwonjezera lokha kutentha, ndipo likhoza kuyakanso patapita maola likuoneka ngati lazima. Utsi wake uli ndi hydrogen fluoride, mpweya umene umawotcha mapapo. Asamaboole, asamaswe ndi hamala, asamaponye pamoto wa zinyalala kapena m'chimbudzi, ndipo zosungunula ufa wakuda mu asidi kuseri kwa nyumba asayerekeze n'komwe. Batire la galimoto yamagetsi ndi nkhani ina: limakhala ndi mavoti pafupifupi 400, ena 800, ndipo limapha. Pamafunika maphunziro apadera ndi magolovesi opirira mavoti 1,000.

Pa mbali yachiwiri ija alembetse kudzera ku TEVETA maphunziro a Electrical Installation kapena Solar Photovoltaic, monga ku Lilongwe Technical College kapena makoleji ena a zaluso amene ali pa mndandanda wa chaka chimenecho. Akamaliza adzafune chilolezo cha MERA kuti azigwira ntchito zoika magetsi. Ngati adzafune kusonkhanitsa mabatire owonongeka ambiri n'kumawatumiza kunja, zimenezo ndi zinyalala zoopsa pansi pa pangano la Basel, la mayiko lokhudza kutumiza zinyalala zotere kunja, ndiye adzayambire ku MEPA, bungwe la boma loteteza chilengedwe, kukapempha chilolezo, osangokweza matumba pa lole ya ku Mwami.

Podikira zotsatira za MANEB, mugulireni multimeter, magalasi oteteza maso ndi kope. Kabatire kalikonse alembe mavoti ake tsiku loyamba, pakatha sabata ziwiri, ndi mphamvu yake. Kope limenelo adzalitenge pokafunsira malo kwa amisiri a sola pa Kasungu boma.