Laputopu ya 8 GB ndi Ubuntu Server: musaipatse VM zonse zimene muli nazo

Kalata imene yandifika pa imelo ndi yaifupi. M'bale wathu wina ali ndi laputopu ya Core i5 ya ma core anayi, RAM 8 GB, Windows 11. Waika Ubuntu Server 24.04 mu VirtualBox, pulogalamu yoyendetsa VM (kompyuta yongoyerekezera mkati mwa kompyuta yeniyeni), waipatsa RAM 6 GB ndi ma CPU anayi, koma makina onse akungouma. Akufunsa ngati agule RAM ina.

Achimwene, ndalamazo zisungeni kaye. Mwapakulira mlendo nsima yonse, mwininyumba amene akuphikayo watsala ndi njala. Windows 11 ndi browser yotsegula zimadya 4 GB mosavuta. Mukaisiyira 2 GB yokha, imayamba kukankhira zinthu ku disiki, ndipo disiki imachedwa kwambiri poyerekeza ndi RAM. VM yanuyo imadalira Windows yomweyo kuti iwerenge disiki ndi kutumiza zinthu pa netiweki, choncho Windows ikabanika, nayonso VM imabanika. Ndi chimodzimodzi ma CPU: VirtualBox imafuna core yoti izigwirira ntchito zake kuseri, ndiye mukapereka onse anayi mumangoyambitsa kulimbirana.

Zimandipweteka kuti malangizo ambiri a pa intaneti amangoti "perekani theka la RAM yanu" osafunsa kuti sevayo igwira ntchito yanji. Ubuntu Server ilibe mawindo, ilibe zithunzi, ndi malemba okhaokha. Ikangoyaka, lembani `free -h` muone nokha: siifika n'komwe pa 1 GB. Nginx, PHP ndi MariaDB yophunzirira, mapulogalamu oyendetsera webusayiti, zimakwana bwinobwino mu 2 GB. RAM ikachepadi, Linux imanena yokha, `sudo dmesg` imaonetsa mzere wakuti "Out of memory: Killed process". Mzere umenewo usanaoneke, ndipo swap (malo a pa disiki amene Linux imagwiritsa ntchito RAM ikachepa) isanayambe kudzaza, kuwonjezera RAM n'kungoganizira. Ndipo chonde musaike desktop ya mawindo ndi zithunzi pa seva pofuna kuti ioneke yosavuta. Mukatero mwataya chifukwa chenicheni choiphunzirira.

Musanasinthe chilichonse, VM ikuyenda, yang'anani tizizindikiro ta m'munsi kudzanja lamanja pa windo la VM. Mukaona kamba wobiriwira, ndiye kuti Hyper-V, pulogalamu ya Windows yoyendetsa ma VM, yatenga kale VT-x, mbali ya purosesa yothandiza ma VM kuthamanga, VirtualBox ikungodutsira pamwamba pake, choncho VM imachedwa. Zimabwera ndi WSL2 (Linux yoyenda mkati mwa Windows), Docker Desktop kapena Memory integrity ya mu Windows Security. Zimitsani Memory integrity, tsegulani Command Prompt ngati administrator, lembani `bcdedit /set hypervisorlaunchtype off`, muyatsenso kompyuta. Dziwani kuti WSL2 isiya kugwira ntchito mpaka mutabwezera `auto`.

Koma zimene zimaliza anthu pakatha mwezi si RAM kapena CPU, pakuti izi mumangozimitsa VM n'kusintha. Ndi disiki. Mukaipatsa 40 GB n'kuvomereza LVM (njira yogawira disiki) mmene Ubuntu imakonzera yokha, `df -h /` ikuonetsani pafupifupi 19 GB basi. Theka linalo siliwonongeka, limangokhala losagawidwa. Munthu amaika Docker, disiki n'kudzaza, database n'kukana kuyaka, iye n'kumakulitsa fayilo ya VDI (imene ndi disiki ya VM) pamene malo ali momwemo. Mankhwala ake ndi mzere umodzi: `sudo lvextend -r -l +100%FREE /dev/ubuntu-vg/ubuntu-lv`. Ka `-r` kameneko kamakulitsa filesystem nthawi yomweyo; mukakaiwala, `df` ionetsabe nambala yakale.

Disikiyo ikhale yokula pang'onopang'ono, osati yotenga malo onse tsiku loyamba. Ingokumbukirani kuti imakula koma siibwerera yokha mukafufuta mafayilo, ndipo disiki ya laputopu ikadzaza, VM imaima pakati pa ntchito. Ma snapshot, osunga mmene VM ilili pa nthawiyo kuti mudzabwererepo, amafulumizitsa kudzazako. Ine ndimakanitsitsa kuti snapshot izitchedwa backup. Iyo imangosunga zosintha pamwamba pa fayilo yoyamba, pa disiki yomweyo. Fayilo yoyambayo ikawonongeka, ma snapshot onse apita nayo. Jambulani imodzi musanachite upgrade, zikayenda bwino ifufuteni. Backup yeniyeni ndi Export Appliance, fayilo ya OVA n'kukaisunga pa disiki ina. Ngati tsiku lina mudzasamutsire VM pa kompyuta ya patebulo yopanda UPS (batire yothandiza magetsi akathima), Use Host I/O Cache ikhalebe yozimitsa, chifukwa magetsi akathima zolembedwa zimene zinali zikudikira mu RAM zimatayika.

Netiweki nayo ili ndi msampha wake. Pa NAT, pamene VM imabisala kuseri kwa netiweki ya Windows, imalandira adiresi 10.0.2.15, imafika pa intaneti, koma inu pa Windows simungaifikire pa adiresi imeneyo. Ambiri amathamangira Bridged, yoika VM pa netiweki ngati kompyuta payokha, imene pa Wi-Fi ya kuntchito kapena kusukulu nthawi zina imakanidwa adiresi, ndipo mukasintha malo adiresi imasinthanso. Khalani pa NAT, muike Port Forwarding: host port 2222, guest port 22. Kenako `ssh -p 2222 dzina@127.0.0.1`, lamulo lolowera mu VM muli pa Windows (pa `dzina` ikani dzina lanu la mu Ubuntu), imagwira kulikonse, ngakhale popanda intaneti. Mukadzafuna ma VM awiri oti azilankhulana, onjezani adapter yachiwiri ya Host-only, ya ma adiresi a 192.168.56. VM wachiwiriyo akakhala clone (kope la woyamba), akhoza kulandira adiresi yofanana ndi woyamba ngakhale MAC (nambala ya adapter) yasintha, chifukwa Ubuntu imadzidziwitsa ku DHCP, yogawa ma adiresi, pogwiritsa ntchito `/etc/machine-id`. Pa clone-yo lembani `sudo truncate -s 0 /etc/machine-id`, muiyatsenso, ipanga ina.

Manambala a laputopu yanu

RAM 2048 MB, ma CPU awiri, disiki ya VDI 40 GB pa SATA, adapter ya virtio-net pa NAT. Audio ndi 3D zimitsani, video memory 16 MB yakwana. Popanga VM yatsopano musavomereze Unattended Installation kuti musankhe nokha za disiki, ndipo muvomereze Install OpenSSH server.

SSH ikagwira, windo la VirtualBox simulifunanso. Yatsani VM popanda windo (headless). Yendetsani choncho sabata imodzi mukuyang'ana `free -h`. Swap ikamadzaza, kwezani RAM ifike 3072 MB. Mukadzafuna ma VM atatu nthawi imodzi, pamenepo ndiye mugule RAM ifike 16 GB, mutayamba mwatsimikiza kuti laputopuyo ili ndi slot yoikamo.