Asewere anga andiitanira gofu ku Florida, ndikane?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa bambo wina wa ku Zomba, mphunzitsi wopuma pantchito. Mwana wawo wamkazi anakwatiwa ku America, ndipo mu July akupita kukaona chidzukulu. Makolo a mkamwini wawo amakhala ku The Villages, m'chigawo cha Florida, ndipo bambo a mkamwiniyo anena kale kuti akakafika akasewere limodzi gofu pa bwalo lomwe iwo akulitcha executive course. Bambowa alemba kuti: "Ndodo ya gofu ndinaigwirapo kawiri kokha, kalekale. Dzina lakelo likundiopsa, kodi si bwalo la mabwana? Ndigule ndodo zanga? Kapena ndingokana mwaulemu, ndisakachititse manyazi mwana wanga kuchipongozi?"

Bambo, musakane. Asewere anuwo sanakuitanireni mpikisano. Kumeneko munthu akati tiyeni ku gofu, ndiye kuti akufuna kucheza nanu nthawi yokwanira, monga mmene kwathu timayalira mphasa pansi pa mtengo wa mango. Mukakana, iwo sadzamva kuti mwaopa ndodo, adzamva kuti mwakana macheza.

Dzina lisakuopseni. Mabwalo amenewa anawatcha choncho chifukwa ndi aafupi, oti munthu wotanganidwa ndi ntchito za muofesi atha kusewera n'kubwerera kuntchito. Bwalo lathunthu, ngati la Lilongwe Golf Club, limakhala ndi maenje 18 ndipo limadya maola anayi kapena kuposerapo. La executive ku The Villages ndi la maenje 9, ndipo ambiri mwa maenjewo ndi a par 3, kutanthauza kuti wodziwa amayembekezeka kulowetsa mpira atamenya katatu: kamodzi kuufikitsa pa green, kuja kuli kapinga wometedwa mosalala ndi mbendera, kawiri kuugubuduza kuti ulowe. Mukaima poyambira, mbendera mumaiona ndi maso, nthawi zambiri pamtunda wa mayadi 100 kufika 170. Pamabwalo ena pamakhalanso dzenje limodzi kapena awiri a par 4. Zonse zimatha pasanakwane maola awiri.

Malowo muwadziwe pang'ono musanafike, chifukwa adzakudabwitsani. The Villages inayamba ngati kamudzi ka nyumba zokoka kotchedwa Orange Blossom Gardens, ka Harold Schwartz. Mwana wake Gary Morse atalowa m'bizinesiyo mu 1983, anaona kuti okalamba amakopeka ndi gofu, ndipo lonjezo lakuti wokhala kumeneko azisewera pa mabwalo aafupi osalipira pakhomo ndi lomwe linakulitsa malowo. Kalembera wa 2020 anapezako anthu oposa 79,000, ndipo mabwalo a executive alipo oposa 40. Ndi mudzi wa anthu a zaka 55 kupita m'tsogolo. Ana osakwana zaka 19 amangobwera kudzacheza, masiku osapitirira 30 pachaka, nchifukwa chake chidzukulu chanu sichikhala kwa agogo akewo. Anthu amapita kumsika, kutchalitchi ndi kwa dokotala pa timagalimoto ta gofu, ndipo tili ndi tinjira take, tina todutsa pansi pa misewu ikuluikulu.

Eni mudzi sapereka ndalama posewera chifukwa zili kale mu ndalama ya pamwezi imene amalipira. Inu monga mlendo mudzafunika chiphaso cha alendo, chomwe asewere anu adzakutengerani, komanso pali ndalama ina imene mlendo amalipira. Musachite nazo manyazi kuwafunsa kuti muikonzeretu m'thumba. Nthawi yosewera amasungitsiratu, ndiye akakuuzani kuti 7:40, mufike pa kanyumba ka woyambitsa masewera kudakali mphindi 20. Mabwalowo anawaika m'magulu kuyambira 1, ofewa, mpaka 4, ovuta. Pa zonse zimene ndalemba pano, ichi mugwiritse: auzeni mosabisa kuti ndinu woyamba kumene, asankhe bwalo la gulu 1 kapena 2.

Ndodo musagule. Malamulo amalola ndodo 14 m'chikwama, koma pabwalo lotere inu mungathe ndi zinayi: 7 iron, 9 iron kapena wedge, hybrid imodzi ya maenje otalikirapo, ndi putter yogubuduzira mpira pa green. M'magalaja a kumeneko mwadzaza ndodo zakale zomwe eni ake anasiya kugwiritsa ntchito, asewere anu sadzavutika kukubwerekerani chikwama kwa anansi awo. Inu mutenge malaya a kolala, nsapato zamasewera zosaterera, chipewa, ndi mipira yotchipa isanu ndi umodzi. Ina idzagwera m'madzi. Kwa onse zimatero.

Tsopano za manyazi zija, chifukwa ndi pomwe pagona nkhani.

Tsiku langa loyamba pa limodzi la mabwalo amenewa anandiphatikiza ndi anthu atatu osawadziwa. Mmodzi anali mayi wachikulire zedi, tsitsi lonse mbuu, dzanja likunjenjemera poika mpira pa tee, paja poyambira kumenya. Kapinga anali adakali ndi mame, ndipo mbalame ziwiri zazitali miyendo, zofiira pamphumi, zinkangodziyendera pafupi ndi mbendera osalabadira munthu. Mayiyo sanayeseze n'komwe. Anaima, kuyang'ana kamodzi, n'kumenya. Mpira unangouluka pang'ono, kenako unagubuduka molunjika mpaka m'mphepete mwa green. Ine wanga unapita kumanzere, m'tchire. Palibe anaseka, palibe ananena kanthu. Koma nditayamba kuvundula udzu kuufunafuna, mayi uja anaponya mpira wina pafupi ndi mapazi anga n'kuloza kumbuyo ndi chibwano: anthu anayi anali ataima kale pa tee, akudikira ife.

Pamenepo ndinamvetsa. Anthu a kumeneko kumenya molakwika akuona tsiku ndi tsiku, ambiri a iwo anayamba gofu atapuma pantchito ngati inu nomwe. Chimene chimawatopetsa ndi munthu wochedwetsa anzake. Magulu amanyamuka motsatizana, mphindi zochepa pakati pawo, ndipo gulu limodzi likazengereza, bwalo lonse limaima. Pali ndi anthu oyendera bwalo, amawatcha ambassador, omwe amabwera kudzakukumbutsani mwaulemu mukatsalira. Choncho nthawi yanu isanakwane, ndodo ikhale ili kale m'manja. Yesezani kamodzi kokha. Mpira ukasowa, malamulo a 2019 amapereka mphindi zitatu zofufuza, koma inu musazimalize n'komwe. Ndipo mukamenya kasanu ndi kamodzi pa par 3 mpira usanalowe, utoleni, muike m'thumba, mupite nawo anzanu dzenje lotsatira. Ambiri amatero, ndipo amene amatero amaitanidwanso.

China chimene amayang'ana ndi mmene mukusamalira bwalo. Mpira ukagwa pa green kuchokera m'mwamba umasiya kachibowo ngati pamene pagwera bango. Pali kachitsulo ka mano awiri: mumakabaya m'mbali mwa chibowocho, kukankhira udzu chapakati mozungulira, osatukula kuchokera pansi chifukwa mizu imaduka, kenako kusalaza ndi kunsi kwa putter. Ndodo ikazula chibuma cha kapinga, thirani mchenga wa m'botolo lomwe limakhala pa kagalimoto. Mukatuluka m'dzenje la mchenga, fufutani mapazi anu ndi leki. Musaponde pakati pa mpira wa mnzanu ndi dzenje, ndipo wina akamamenya, imani chete pambali pake, osati kumbuyo kwake. Mpira wanu ukamalowera kuli anthu, fuulani "Fore!" ndi mawu onse a pakhosi. Inu munaphunzitsa ana kusesa pabwalo la sukulu zaka zonsezo, izi sizidzakuvutani.

Nyengo ndiyo ndikufuna musaipeputse. July ku Florida kumatentha madigiri 32 kapena 33, ndipo mpweya wake ndi wonyowa, thukuta silimauma. Ngakhale wozolowera dzuwa la ku Nsanje amalefuka. Pemphani nthawi ya m'mamawa, imwani madzi pa dzenje lililonse ngakhale ludzu mulibe, ndipo ngati mumamwa mankhwala a BP kapena shuga, asewere anu adziwe. Masana ambiri m'nyengoyi kumagwa mvula ya ziphaliwali, ndipo Florida ndi limodzi la madera omwe mphenzi zimagwa kwambiri mu America monse. Mukangomva bingu, siyani masewera nthawi yomweyo. Kagalimoto kotsegula m'mbali sikateteza, pansi pa mtengo ndiye poipitsitsa, thawirani m'nyumba. Ndipo m'maiwe a m'mabwalowo muli ng'ona za kumeneko, zija amati alligator. Nthawi zambiri zimangowothera dzuwa m'mphepete osavuta munthu, koma mpira ukagwera m'madzi kapena m'mabango, usiyeni.

Ngati mungathe, musananyamuke pitani kawiri kapena katatu pa bwalo la gofu lapafupi, mupemphe mmodzi wa anyamata onyamula zikwama akuonetseni kagwiridwe ka ndodo ndi kaimidwe, mumupatse kangachepe. Nthawi yambiri muithere pa putter ndi kumenya kwapafupi, chifukwa pabwalo laling'ono mpira umathera pamenepo. Mukamaliza maenje 9 aja, mwina adzakutengerani ku Lake Sumter Landing kapena ku Spanish Springs kukamwa khofi. Zithunzi za ku Zomba muzisungiretu pafoni, adzafuna kuona phiri.