Mwatukwana mayi a goloboyi wanu, pitani mukapepese

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mnyamata wa kudera la Ngabu, kaputeni wa timu ya m'mudzi mwawo. Akuti anafika mu ndime yomaliza ya bonanza, chikho ndi mbuzi zili poteropo. Kutatsala mphindi zochepa, mpira wofooka unam'pulumuka goloboyi wawo m'manja n'kulowa, ndipo anagonja 1-0. Ochemerera anam'perekeza mwanayo ndi mawu mpaka kumsewu, ena akuti wadya ndalama za timu inayo, ena akutukwana mayi ake mochita kutchula. Osewera anzake ena anakapitiriza pa gulupu ya WhatsApp. Patha masabata atatu goloboyiyo osaponda pabwalo, ndipo mayi ake anasiya kuyankha moni pamjigo. Mnyamatayu akufunsa kuti: "Agogo, talakwa chiyani? Mpira ndi choncho. Ngakhale a Flames akaluza amatukwanidwa pa Facebook ndi dziko lonse koma sanyanyala. Tim'pepese, kapena tingopeza goloboyi wina?"

Mdzukulu wanga, mwalakwa. Iweyo mlanduwu wakukhudza ngakhale pakamwa pako sipanatuluke mawu oipa, chifukwa ndiwe kaputeni, unali pomwepo, unamva zonse n'kukhala chete. Koma poti waitana Flames kuti ikhale mboni yako, tiye tiyambire komweko. Timu imeneyi ndaitsata kuyambira ndili mnyamata wodula nzimbe ku Nchalo.

Masiku amenewo kanema kunalibe, TVM inachita kubwera mu 1999. Mpira wa Flames tinkaumvera pa MBC, anthu gulu titazinga wailesi imodzi pansi pa msawu, mabatire titawayanika padzuwa tsiku lonse kuti asatichititse manyazi. Woonera ndi maso unali wa Sucoma pabwalo la Kalulu. Mu 1978 a Kinnah Phiri, a Jack Chamangwana ndi anzawo anatenga chikho cha maiko a kummawa ndi pakati pa Africa atagonjetsa Zambia 3-2 konkuno, ndipo mu 1979 anakachitenganso ku Kenya. Mu 1984 tinalowa koyamba mu mpikisano waukulu wa Africa Cup of Nations ku Ivory Coast. Algeria inatikwapula 3-0. Pokumana ndi Nigeria tinatsogola ndi zigoli ziwiri za Harry Waya ndi Clifton Msiya, koma anzathuwo anabweza zonse ziwiri. Ghana inatimaliza 1-0, anyamata n'kubwerako ndi pointi imodzi. Zinatiwawa, sindinama. Tinadandaula, tinakangana za amene akanayenera kusewera, ena anagona osadya. Koma pansi pa msawu paja panali akuluakulu, ndipo wotchula mayi a wosewera akanachotsedwa pomwepo, wailesi akanaimvera kutali.

Kuchokera pamenepo tinadikira zaka 26. Tinapeza mendulo ya nambala 3 pa masewero a All-Africa Games ku Nairobi mu 1987, tinatenganso chikho cha m'chigawo chathu mu 1988, koma khomo la mpikisano waukulu uja linakana kutseguka. Mwana wobadwa chaka chimene tinapita ku Ivory Coast anakula, kukwatira, kubereka, asanaione Flames kumeneko.

Utchere khutu pa mmene khomolo linatsegukira, chifukwa yankho lako lagona pamenepa. Mu June 2008, a Kinnah Phiri atangotenga timu ngati mphunzitsi, tinagonjetsa Egypt 1-0 pa Kamuzu Stadium, Egypt imene inali itangotenga chikho cha Africa chaka chomwecho. Anagoletsa ndi Chiukepo Msowoya, oyimbira atatsala pang'ono kuuthetsa. Dziko lonse linavina. Miyezi isanu ndi inayi itadutsa, mu March 2009, timu yomweyo inakamwa 5-0 ku Abidjan, pa tsiku loipa limene anthu pafupifupi 20 anafa popanikizana pabwalo. Zigoli zisanu! Mwa nzeru za pa gulupu yanu ija, pamenepo n'pofunika kuthamangitsa wapagolo ndi otchinga kumbuyo onse, n'kuwatumizira makolo awo mawu. Koma timuyo sinamwazike. Mu September inagonjetsa Guinea 2-1, mu October inalepherana 1-1 ndi Ivory Coast yomweyo, Didier Drogba ali momwemo, ndipo pamapeto pake ulendo wa ku Angola, kumene kunachitikira mpikisano waukulu uja, unapsa. Pa 11 January 2010 ku Luanda, Russel Mwafulirwa, Elvis Kafoteka ndi Davi Banda anamwetsa Algeria 3-0, Swadick Sanudi osatola mpira muukonde ngakhale kamodzi. Algeria imeneyo inali pa ulendo wa ku World Cup chaka chomwecho. Ambiri mwa amene tinawaimbira nyimbo tsiku limenelo ndi omwe aja anabwera mitu ili pansi kuchokera ku Abidjan.

Ukuti a Flames amatukwanidwa koma sanyanyala. Za mumtima mwawo waziona kuti? Nawonso anabadwa kwa amayi, ndipo amayiwo ali ndi makutu, ali ndi adzukulu owawerengera zimene zalembedwa pafoni. Choipa chikachitidwa ndi anthu ambiri sichisanduka mwambo ayi. Komanso pali kusiyana kumene sunakuone. Wolemba zotukwana pa Facebook ali ku Lilongwe kapena ku Johannesburg, sadzakumana ndi mayi a wosewerayo pamjigo, sadzakumba nawo manda limodzi. Inu mumamwa madzi amodzi ndi banja limenelo. Kuno kuchigwa timadziwa bwino kuti Shire, Mwanza kapena Ruo akakwiya usiku, sumasankha wobwera ndi bwato. Wogwira nkhafi tsiku limenelo atha kukhala mwana yemweyo amene munam'perekeza ndi mawu.

Za madzizi ndili nazo nkhani imene sindidzaiwala. Ulendo wachitatu wa Flames ku mpikisano wa Africa unapezeka pa 29 March 2021, Richard Mbulu atagoletsa chigoli chimodzi chogonjetsera Uganda pa Kamuzu Stadium, mphunzitsi ali Meck Mwase. Mpikisanowo unachitika ku Cameroon mu January 2022. Tinagonja 1-0 kwa Guinea, tinagonjetsa Zimbabwe 2-1 ndi zigoli ziwiri za Gabadinho Mhango, tinalepherana 0-0 ndi Senegal ya Sadio Mané imene inadzatenga chikhocho, ndipo kwa nthawi yoyamba tinadutsa m'magulu. Masewero athu ndi Morocco anagwa pa 25 January. Dzulo lake namondwe Ana anali atatigwera. Madzi anagumula ku Kapichira, magetsi anathima, msewu wa M1 unaduka m'malo angapo, Chikwawa ndi Nsanje zinasanduka nyanja.

Usiku umenewo unatipeza pasukulu ina pamene tinathawira. M'kalasi munali fungo la zovala zonyowa ndi utsi, ana akulira, amayi atakhala pa timitolo tawo. Chimanga changa chinali chitapita, mbuzi zinayi sindinazionenso. Itakwana 9 koloko, mkulu wina anatulutsa kawailesi kamene anakapulumutsa atakakulunga mu jumbo, n'kukaika pawindo. Poyamba ndinaona ngati n'kulakwa kumvera mpira anthu ali pa chisoni chotere, koma amayi omwewo ndi amene anati akweze mawu. Pa mphindi 7 zokha, Gabadinho anaona goloboyi wa Morocco atasuntha pagolo, anauponya ali kutali kwambiri, n'kulowa. Kalasi ija inaphulika. Gogo wina wamkazi amene sanalankhule chifikireni analulutira, ana amene amalira anayamba kudumpha m'matope osadziwa n'komwe chimene chachitika. Kenaka Morocco inatipanikiza. Charles Thomu pagolo anachotsa mipira yambiri yoopsa, koma Youssef En-Nesyri anabweza chigawo choyamba chikutha, ndipo Achraf Hakimi anaponya friikiki imene inatitulutsa, 2-1. Mwini wailesi anaitseka kusunga mabatire. Mnyamata wina pakhomo anayamba kunena kuti goloboyi akanaima bwino, koma mayi wina mumdimamo anam'dula: "Mwana wa eni wayesetsa, m'siyeni." Nkhani inathera pomwepo. Mayi ameneyo analibe nyumba usiku umenewo, koma anali ndi chisoni ndi mwana wa mnzake amene sanam'onepo, ali ku Yaoundé. Ndipo Morocco yomweyo, chakacho chisanathe, inafika mu ndime ya matimu anayi omaliza pa World Cup.

Inu mwaluza mbuzi imodzi ya bonanza, n'kuvula mzimayi wa m'mudzi mwanu pagulu.

Pa mwambo wathu, kwa Amang'anja ngakhale kwa Asena, kutukwana mayi a munthu si nkhani ya ana. Ndi mlandu wofika kwa nyakwawa, ndipo wolakwa amalipa. Paja amati mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo. Mayi amene uja sanaime pagolo, sanagwetse mpira, mwina tsiku limenelo anali ku dimba. Bwalo la mpira si dziko lina kumene malamulo a m'mudzi amathera pa mzere. Mlandu wachiwiri ndi womunamizira kuti wadya ndalama. Mawu amenewo amam'tcha munthu wakuba ndi wogulitsa anzake, ndipo amamatirira. Mawa akafuna ganyu, akafuna kufunsira mbeta, anthu adzakumbuka. Alipo amene anaona ndalamazo zikuperekedwa? Ngati palibe, mwam'senzetsa katundu amene si wake. Ndikukayikiranso kuti ena mwa amene anakuwa kwambiri tsiku limenelo ndi amene anabetcha. Kubetcha kwalowa kwambiri pakati panu, ndipo munthu amene waluza ndalama ya sopo pa mpira safuna kudziimba mlandu yekha, amasaka woti am'tulire mkwiyo. Wapagolo ndiye amakhala pafupi, chifukwa womwetsa zigoli akaphonya kakhumi anthu amaiwala, koma iye akalakwitsa kamodzi zimalembedwa pa bolodi.

Tsono uchite izi. Kupepesa kwa pafoni usayerekeze, ndi chipongwe chachiwiri. Uyambe wakhala pansi ndi osewera ako, uwauze poyera kuti zimene zinachitika n'zolakwika ndipo iwenso unalakwa posaletsa. Amene analemba zoipa pa gulupu azifufute, n'kulembanso pomwepo kuti za ndalama zija linali bodza, chifukwa mawu amabwezedwa pamalo pamene ananenedwa. Kenaka mupeze munthu wamkulu wolemekezeka, kaya mkulu wa mpingo, kaya wa komiti ya timu, akutsogolereni. Musalunjike kwa mayiwo. Ngati banjalo ndi la Chimang'anja, yambirani kwa atsibweni a mnyamatayo, eni mbumba. Ngati ndi la Chisena, yambirani kwa bambo ake kapena abale a kuchimuna. Iwowo ndi amene akakulowetseni. Musapite manja lendelende, sonkhani mugule nkhuku. Mukafika vulani zipewa, khalani pansi, mafoni m'thumba, alankhule wamkuluyo. Ikafika nthawi yako, usakayambe ndi zoti mpira ndi choncho kapena zoti mitima inali itatentha. Ukangoti, "Amayi, tinakulakwirani, tabwera kudzapepesa." Akakalankhula mowawa, mukamvere mpaka amalize, pakuti akhala nazo masabata atatu. Akakati nkhaniyi ipite kwa mfumu, musakakane.

Tsiku limenelo za kubwerera ku timu musakazitchule n'komwe. Mukatero adzaona kuti mwabwera chifukwa mwasowa goloboyi, osati chifukwa mwazindikira kulakwa. Papite masiku, kenaka upite wekha kwa mnzakoyo, ukakhale naye, ukamufunse ngati mtima wake ungalole. Akakana, usam'kakamize, ndipo moni usasiye kum'patsa. Pamenepo mutha kupeza wina, koma wobwerayo adzakhala atamva mmene munachitira ndi mnzake, ndipo adzaima pagolo ndi mantha mpaka ataona kuti mwasintha.

Za mpira weniweniwo ndinenepo pang'ono. Mabwalo athu kuno ndi ouma gwa, a mabampu, ng'ombe zimadutsa pomwepo, ndipo dzuwa la October limatulutsa thukuta mpaka m'zikhatho. Kodi mwanayo munam'gulirapo magolovesi? Alipo amene amatsala naye kum'ponyera mipira ya pansi ena akaweruka? Matimu ambiri a m'midzi amathera tsiku lonse kuphunzitsa kugoletsa, wapagolo amangomuimika ngati mtengo, n'kudzam'kumbuka tsiku limene walakwitsa. Pa ndalama zimene munapata pokhala achiwiri, patulani ya magolovesi musanagawane.

Akadzabwera, masewero oyamba udzatuluke naye limodzi kutsogolo kwa timu, anthu aone. Musanayambe, upite ndi wamkulu uja kumene kumakhala ochemerera anu, muwauze kuti wotchula kholo la wosewera, wanu kaya wa timu inayo, achotsedwa pabwalo ndipo dzina lake lipita kwa nyakwawa. Ndipo tsiku limene chidzalowe china, pakuti chidzalowa ndithu, iweyo ukhale woyamba kufika pagolo, utole mpira muukonde ndi manja ako, um'dzutse mnzako, mubwerere pakati.

Undilemberenso mukabwerako kwa atsibweni akewo, ndimve mmene akulandirirani.