Laisensi ya occupational therapy ku Texas: yambani ndi mapepala musanakwere ndege

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa kwathu amene amakhala ku Johannesburg, wogwira ntchito ya occupational therapy, yothandiza odwala ndi olumala kuti azitha kuchita okha ntchito za tsiku ndi tsiku. Mwachidule akuti: "Ndinaphunzira occupational therapy kuno ku South Africa, digiri ya zaka zinayi, ndipo ndagwira ntchito zaka 6 m'chipatala. Bambo a kunyumba ali ku Houston ndipo chaka chamawa ndikuwatsatira. Ndilembere ku ofesi iti kuti ndipeze laisensi? Kapena satifiketi yanga ya HPCSA ikwanira?"

Achemwali, mwachita bwino kufunsa mudakali kumeneko, chifukwa ntchito yaikulu ya nkhaniyi ili kumene muliko, osati ku Houston.

Satifiketi ya HPCSA, bungwe lolembetsa ogwira ntchito zachipatala ku South Africa, siyikulolani kugwira wodwala ku America. Ndiponso kumeneko kulibe laisensi imodzi ya dziko lonse ngati mmene Medical Council of Malawi imalembetsera munthu kamodzi n'kumagwira ntchito kuyambira ku Chitipa mpaka ku Nsanje. Steti iliyonse mwa 50 zija ili ndi bodi yakeyake, malamulo akeake ndi fomu yakeyake. Yanu, poti Houston ili m'steti ya Texas, ndi Texas Board of Occupational Therapy Examiners, ya ku Austin. Koma musathamangire kumeneko. Bodiyo ikafuna kuona kaye zotsatira za mayeso a NBCOT, bungwe loona za mayeso a ntchitoyi m'dziko lonselo. Mayesowo amatenga maola 4, malikisi amayambira pa 300 kufika pa 600, ndipo wokhoza ndi amene wafika pa 450. Mukakhoza mumaloledwa kulemba zilembo za OTR kumapeto kwa dzina lanu, koma zilembozo pazokha si chilolezo cha ntchito. Chilolezo ndi cha steti.

Tsono pagona nkhani ndi apa. Munthu wophunzira kunja kwa America salembetsa mayesowo mwachindunji. Amayamba wadutsa pa ndondomeko yotchedwa OTED, pamene a NBCOT amayerekeza maphunziro anu ndi a sukulu zovomerezedwa ndi ACOTE, bungwe lovomereza sukulu za ntchitoyi ku America. Kuyambira 2007, wophunzira ntchitoyi ku America amayamba kugwira ntchito ali ndi digiri ya masters kapena yoposa apo, ndipo a NBCOT amafunanso masters kwa obwera. Ndikudziwa kuti izi zikuwawani. Zaka 6 mwakhala mukuphunzitsa anthu a sitiroko kumanganso mabatani ndi kugwira supuni, mwapangira ana olumala zowathandiza kukhala tsonga, ndipo mwina mumaposa ambiri amene angotuluka kumene m'kalasi kumeneko. Koma pepala likuti digiri yoyamba yokha siyikwana, ndipo palibe kalata ya bwana wanu imene ingasinthe zimenezo. Ngati mulibe masters ya occupational therapy, ganizani lero kumene mudzayipezere. Musanalipire sukulu iliyonse, werengani kaye zimene a NBCOT alemba pa OTED, kuti musawononge ndalama pa digiri imene sadzayiwerengera.

Chimene ndikukuumirizani kwambiri ndi mapepala. A NBCOT sadzangoona satifiketi yokongola ya pa khoma ija. Adzafuna transcript (chikalata cha maphunziro onse ndi malikisi anu), komanso silabasi ya phunziro lililonse monga inalili chaka chimene munkaphunziracho, kuti aone zimene munadutsamo. Adzafuna umboni wa maola amene munachita pulakitiko moyang'aniridwa. Ophunzira a ku America amachita masabata 24 athunthu, amene ndi maola 960. Ambiri mwa mapepalawa amayenera kuchoka kusukulu kupita ku bungwe mosadutsa m'manja mwanu. Apa m'pamene anthu amakhumudwira. Kulondola silabasi ya zaka 10 zapitazo uli kutsidya kwa nyanja, ukuimba foni usiku chifukwa cha kusiyana kwa nthawi, wina akukuuza kuti amene amasunga mafayilowo ali pa tchuthi, ndi chinthu chotha kudya miyezi. Pamene muli pompo mutha kupita nokha ku dipatimenti, kukhala pa benchi mpaka akuthandizeni. Dziwani dzina la munthu mmodzi wa mu ofesimo amene angadzayankhe imelo yanu mutachoka. Funsaninso a HPCSA mmene amatumizira kalata yotsimikiza kuti mulibe mlandu pa ntchito, ndipo musasiye kulembetsa kwanu kukutha mphamvu mpaka zonse zitatheka.

Onetsetsaninso dzina. Ngati digiri ili m'dzina la kwanu koma pasipoti ili m'dzina la amuna anu, sungani chikalata cha ukwati pafupi, chifukwa adzachifuna kangapo, ndipo pa tsiku la mayeso dzina la pa chitupa liyenera kufanana ndi limene munalembetsa.

Mukakhoza mayeso, gawo la Texas silovuta. Mumadzaza fomu pa intaneti, kulipira, kupempha a NBCOT kuti atumize zotsatira ku bodi, kudinditsa zala kuti aone mbiri yanu, kenako kulemba kamayeso ka malamulo a ntchitoyi m'steti imeneyo, kotchedwa jurisprudence exam. Mafunso okhudza milandu ayankheni moona, ngakhale nkhaniyo ndi yakale komanso yaing'ono. Kubisa ndi kumene kumagwetsa munthu kuposa mlanduwo. Laisensi ikatuluka muziikonzanso zaka ziwiri zilizonse mutachita maola 24 a maphunziro owonjezera. Mukadzasamukira steti ina mudzagogodanso pa bodi ya kumeneko, ndipo mupeza zina zosiyana: ku California, mwachitsanzo, kuthandiza wovutika kumeza kapena kuchita chithandizo chapadera cha dzanja kumafuna chivomerezo china pamwamba pa laisensi.

Pa za viza ndingokhudza pang'ono. Wolowa m'dzikomo pa viza ya ntchito ya chipatala amafunika satifiketi ina yotsimikiza maphunziro ake ndi Chingerezi chake, malinga ndi lamulo la 1996. Wolowa ndi green card (chilolezo chokhazikika m'dzikomo) ya banja safunika imeneyo. Onani kuti yanu ndi iti, komanso ngati ikukulolani kugwira ntchito, chifukwa laisensi si chilolezo cha olowa ndi kutuluka.

Nanga podikira mudzatani? Musadzadzitchule occupational therapist pa ntchito iliyonse ku Texas laisensi isanatuluke. Ndi kuphwanya lamulo, ndipo kungakutsekereni khomo limene mukulivutikiralo. Ngati mapepala anu okhalira akulola, funsani ntchito ya rehab aide (wothandizira akatswiri a ntchitoyi) m'chipatala kapena m'nyumba zosamalira okalamba. Malipiro ndi ochepa, ndipo kwa munthu amene ankatsogolera anzake n'kudzichepetsa kwenikweni. Komabe mudzaona ndi maso anu mmene amalembera malipoti a odwala ndi mmene inshulansi ya Medicare imalamulira chithandizo, zinthu zimene zimatulukanso m'mayeso ndipo ku Johannesburg simunakumane nazo.

Mundilemberenso mukapeza transcript ndi masilabasi, mundiuze ngati muli ndi masters kapena ayi, kuti tione limodzi poyambira.