Funsani Alangizi: Galu wanga wakalamba, miyendo yakumbuyo ikukana

FUNSO: Alangizi, ine ndine mayi wa ku Santhe kuno ku Kasungu, ndimagulitsa mandasi pamsika. Ndili ndi galu wamphongo dzina lake Dziwazako, anabwera pakhomo pano ali kamwana chaka chomwe mwana wanga woyamba ankayamba sitandade 1, pano mwanayo walemba MSCE nde muwerenge nokha, zaka 12 zakwana. Galu ameneyu watilondera, fodya akakhala m'chigafa ankagona konko usiku onse mpakana tigulitse. Koma chiyambireni June mmawa akumavutika kudzuka, amayamba ndi miyendo yakutsogolo yakumbuyoyo amachita kukoka, pakhonde pali masitepe awiri okha koma sakwera, dzuwa likatentha ndi pomwe amayendako bwino pang'ono. Masiku ena amakodza pomwe wagona. Ndinampatsa Brufen theka kawiri. Bambo akunyumba akuti ndikutaya nthawi akamusiye kudambo tipeze kagalu kena, alamu anga akuti mwina ndi chiwewe. Miyezi iwiri yatha tsopano, ine mtima ukundiwawa. Nditani?

YANKHO: Mayi, tiyambe ndi Brufen uja, musadzampatsenso olo kachidutswa. Ndikudziwa munachita mwachifundo poti nanu msana ukamawawa mumamwa omwewo, koma thupi la galu silimachotsa mankhwala amenewa ngati lathu, amamuboola zilonda m'mimba ndi kuononga impso, ndipo galu wazaka 12 impso zake zatopa kale. Diclofenac naye chimodzimodzi. Panado mukapyoza muyezo amaononga chiwindi, pomwe mphaka ndiye amafa ndi piritsi limodzi. Masiku ano muziyang'ana chimbudzi chake, chikakhala chakuda bii ngati phula kapena akusanza ndi kukana chakudya, amenewo ndi magazi akutuluka m'mimba, thamangani kwa a vetenale.

Za chiwewe alamu anuwo sanalakwe kuchita mantha, chifukwa chiwewe china sichikhala cholusa ayi, galu amangofooka miyendo, chibwano kulendewera, dovu chuchuchu. Koma galu akayamba kuonetsa chiwewe sapitirira masiku ngati 10 asanafe. Wanuyu watha miyezi iwiri, akudya, akukudziwani, nde sichimenecho. Komabe katemera wa chiwewe asamadumphe chifukwa choti wakalamba, a vetenale akalengeza kuti akubaya agalu mum'tengere olo pa wilibala. Ndipo kwa ena mukuwerenganu, galu amene wafooka mwadzidzidzi akutuluka dovu musamupise dzanja mkamwa kuti mwina fupa lamutsamwa, anthu ambiri amalumidwa choncho. Mukalumidwa tsukani balalo ndi sopo ndi madzi ambiri mphindi 15 kenako kuchipatala tsiku lomwelo.

Zomwe mwafotokozazi, kuuma mmawa, kumasuka dzuwa likatuluka, kuyamba nthawi yozizira ya June, kukana masitepe, zikufanana kwambiri ndi nyamakazi ya m'chiuno ndi m'mawondo, yomwe ija amadandaula agogo athu mwera ukamaomba. Mnofu wosalala umene umakuta mafupa polumikizana umatha, mafupa nkumakhulana. Galu salira ngati ife, amangosiya kuchita zomwe zikumupweteka, ife nkumati wachita ulesi kapena wangokalamba basi. Ndipo kukodza pogonapo nthawi zambiri sikuti waiwala khalidwe, mkodzo umamupeza asanathe kudzuka.

Koma musanati ndi ukalamba chabe, mutukuleni mlomo muone nkhama. Za galu wabwino zimakhala zofiirira ngati mkati mwa mlomo wanu. Zikakhala zoyera mbee kapena zachikasu, mkodzo uli ngati tiyi wopanda mkaka, thupi likutentha, amenewo ndi matenda a nkhupakupa omwe amatha magazi, ndipo amachizika ndi jekeseni kapena mapiritsi a kwa vetenale, galu amene mumati wapita mumamuona akuthamangitsanso nkhuku. Amene muli kufupi ndi paki ya Kasungu, mbali za kwa Chulu uko, palinso kashembe, galu akalumidwa amawonda, kufooka, maso nkuchita mtambo woyera. Nazonso zili ndi mankhwala ake. Nde pitani ku ofesi ya zaulimi ya m'dera lanu (EPA) mukafunse mlangizi wa ziweto, yemwe uja amabaya ng'ombe ndi mbuzi, abwere adzamuone. Mankhwala a ululu opangira agalu alipo, monga meloxicam, koma muyezo wake umatengera makilo a galuyo komanso ngati impso zili bwino, ndipo muwauze za Brufen uja musabise, chifukwa awiriwa saphatikizana.

Tsopano zomwe mungachite nokha pakhomo, ndipo apa ndi pomwe pali phindu lalikulu popanda kutulutsa ndalama. Pogona. Agalu athu ambiri amagona pa simenti ya pakhonde, simenti ya July usiku ndi madzi oundana, mafupa opweteka kale ndiye amaumiratu. Tengani chiguduli mulongemo udzu wouma kapena makoko a chimanga, pamwamba bulangete lakale lija mumati mulitaye, muike pakona posaomba mphepo, kukhitchini kukazima moto nkwabwino kwambiri bola asayandikire makala. Mukhale ndi ziguduli ziwiri kuti china chikanyowa chizikhala padzuwa. Ngati khonde lanu mumalipaka Cobra mpaka kuwala, galu wofooka miyendo amatereka nkukhadzuka, yalani mphasa yakale pomwe amadutsa. Masitepe awiriwo ikanipo thabwa lotambalala chopendekera mwakhomerapo chiguduli, kapena mungomusamutsira pansi asamakwerenso.

Mmawa mukamadzuka kukakazinga mandasi, tengani chitenje chakale mupinde m'litali, mudutsitse pansi pa mimba yake cha kumiyendo yakumbuyo, mugwire nsonga ziwirizo pamwamba ngati chikwama, mumunyamulire kulemera kwa chiuno iye aziyenda ndi yakutsogolo. Mutuluke naye choncho akakodze panja, madzulo musanagone chimodzimodzi, mudzaona kunyowetsa pogona kuchepa. Anthu akuseketsani eti, mayi akuyendetsa galu pachitenje, asiyeni aseke, dzina la galu wanulo likuwayankha kale kkkk. Musamukoke mchira kapena miyendo, ndipo samalani chifukwa galu amene akumva ululu amatha kuluma olo mwini wake.

Asamangogona tsiku lonse poti akupweteka, mwendo wosayenda minofu imafota ndiye zimaipiraipira. Kuyenda pang'onopang'ono mphindi 5 kapena 10 kawiri katatu patsiku, pamalo osalala dzuwa litatuluka, kuposa ulendo umodzi wautali wakudimba omwe mawa lake sadzuka. Muonenso zikhadabo, galu akasiya kuyenda sizimaperepeseka nde zimakula mpaka kupotoza zala, makamaka kachala kapamwamba kaja kamapindika nkulowa m'mnofu. Dulani nsonga yokha, mkati muli mtsempha wa magazi.

Chakudya, nsima yotsala yokhayokha siyokwana kwa nkhalamba. Muphikireni phala la mgaiwa kapena gaga, muikemo bonya kapena usipa wosinja, dzira lowiritsa mukalipeza, zofewa poti mano mwina atha, pang'onopang'ono kawiri patsiku. Msuzi wa ndiwo zathu uli ndi anyezi ndi mchere wambiri, anyezi amaononga magazi a galu, ndipo mafupa a nkhuku ophika amathyoka mosongoka. Mandasi otsalawo musamuzoloweze, akanenepa ndiye katundu yense akugwera pa chiuno chomwe chikupwetekacho. Madzi akhale pafupi pomwe angafikire osadzuka.

Za bambo akunyumba, auzeni mofatsa kuti galu wosiyidwa kudambo safa tsiku lomwelo, amatha masiku ndi ludzu ndi ntchentche, kapena amadzikoka kubwerera kunyumba komwe akukudziwa. Apempheni mwezi umodzi muyese izi. Kagalu katsopano atha kubweretsa ndithu, bola kazidya mbale yakeyake.

FUNSO: Alangizi, ndine bambo wa pa Kamwendo ku Mchinji. Galu wanga wamkazi ali ndi zaka 9, mwezi wathawu agalu amphongo ankamulondola koma sindikuona ngati watenga bere. Pano akumwa madzi ngati ng'ombe, mimba yakula, sakudya, kumbuyo kukutuluka zonunkha. Ndi ukalamba?

YANKHO: Bambo, ayi si ukalamba, ndipo izi sizodikira malipiro a pamwezi. Galu wamkazi wamkulu amene sanatsekedwe, pakatha masabata angapo chichokereni nyengo yokweredwa chiberekero chimatha kudzadza mafinya, ndipo zizindikiro zake ndi zomwe mwatchulazo ndendende. Poizoni wake amalowa m'magazi nkupha impso, chikaphulikira m'mimba ndiye basi. Chithandizo chodalirika ndi opaleshoni yochotsa chiberekerocho, maantibayotiki okha amangochedwetsa. Imbirani a vetenale a kwa inu lero, akati alibe zipangizo fufuzani galimoto mulowe msewu wa M12 kupita ku Lilongwe, kuli LSPCA, bungwe losamalira ziweto, ndi ma kiliniki ena a ziweto omwe amapanga opaleshoni. Madzi musamumane. Galu wa makilo 20 amamwa lita imodzi ndi pang'ono patsiku, akamapitirira malita awiri chilipo chalakwika, kaya ndi chiberekero, impso kapena shuga, zimenezi ndi za aliyense amene ali ndi galu wokalamba.

FUNSO: Ine ndine mnyamata wa ku Chinkhoma. Galu wa malemu bambo anga watha masabata atatu osaimirira, m'chiuno mwatuluka zilonda muli mphutsi, masiku anayi tsopano sakudya, usiku amangobuula. A vetenale anabwera kawiri koma palibe kusintha. Anzanga akuti ndimuikire tameki mu nsima zithe. Ndikuopa ngati ndikulakwira bambo.

YANKHO: Achimwene, pepani, ndamva kuti si galu yekha amene mukulira apa. Kunena zoona galu amene sakuima, sakudya, akubuula usiku ndipo mankhwala ayesedwa osathandiza, kumusunga kwafika poti mukusungira mtima wanu osati iyeyo, ndipo kumupumitsa sikulakwira malemu. Koma tameki ayi. Anthu amaganiza kuti ndi njira yachangu chifukwa sanaimepo nkuonerera, galu amanjenjemera, kuphupha, thovu kukamwa, kudzionongera, kubanika ali maso akukuyang'anani, chithunzi chimenecho simudzachiiwala. Kuwonjezera apo nsima yotsala adya ndi nkhuku, agalu a aneba kapena mwana wokwawa. Kumangirira pamtengo kapena chibonga ndiye tisakambe nkomwe.

Bwererani kwa a vetenale aja muwauze mosazungulira kuti mukufuna jekeseni wogonetsa galu osadzukanso. Amabaya mumtsempha wa mwendo wakutsogolo, galu amagona tulo kaye kenako mtima nkuima, mphindi zochepa zatha, inu mutamugwira mutu ngati mungakwanitse. Si alangizi onse a ziweto amasunga mankhwalawa nde afunseni akulozereni komwe alipo, ku ofesi ya ziweto pa Kasungu boma kapena ku Lilongwe. Podikirapo muzimutembenuza mbali ina maola atatu anayi aliwonse, mutsuke zilondazo ndi madzi ofunda othira kamchere pang'ono, mphutsi muzichotse, mupukute aume, mumufunditse neti yakale ntchentche zisamafike. Oilo wakuda wa galimoto kapena mankhwala opopera fodya musayerekeze kuthira pachilonda. Madzi muzimudonthezera m'mbali mwa kamwa ndi sipuni ngati akumeza.

Zikatha mukumbe dzenje lakuya, lofika mita imodzi, muikepo miyala pamwamba, chifukwa mankhwala a jekeseniyo amatsalira m'thupi ndipo agalu ena kapena afisi akafukula nkudya nawonso amafa.