Nambala ya batire lonse imanama, yezani selo lililonse

Achimwene, mwati batire la drone yanu, la mtundu wa LiPo (lithium polymer) la maselo atatu, lija amati 3S, likuonetsa 11.1V pa mita yoyezera magetsi koma ikangouluka mphindi ziwiri yatera yokha, ndiye mukufunsa kuti vuto lili pati. Choyamba, 3S yodzaza imaonetsa 12.6V, ndiye 11.1V ndi batire loti latsala pang'ono kutha. Koma ine chondikayikitsa kwambiri ndi mmene mukuyezera.

M'kati mwa batirelo muli maselo atatu olumikizidwa mondondozana. Mukaika mita pa mawaya awiri aakulu aja, imangophatikiza onse atatu n'kukupatsani nambala imodzi. 3.7 katatu ndi 11.1, zoona. Komanso 4.1 ndi 4.1 ndi 2.9 ndi 11.1 yomweyo, pamene selo lachitatulo lili pa imfa. Selo lofooka ndi limene limagwetsa ndege, anzake aja akadali ndi mphamvu.

Yezerani pa kapulagi koyera ka timawaya tating'ono, kaja amati balance lead. Pa 3S kali ndi timawaya tinayi. Ikani mita pa DC 20V. Waya woyamba ndi wachiwiri akupatsani selo loyamba, wachiwiri ndi wachitatu selo lachiwiri, wachitatu ndi wachinayi lomaliza. Nambala ikabwera ndi minus kutsogolo musadandaule, mwangotembenuza nsonga za mita. Chomwe muyenera kuopa ndi nsongazo kukhudzana zili pa tizitsulo, chifukwa tili moyandikana kwambiri. Ine dzanja linanjenjemerapo kamodzi, kamoto kanathetheka ndipo nsonga ya mita inasala yakuda. Kuyambira tsiku limenelo ndimagwiritsa ntchito cell checker, kachipangizo kongolowetsa pa kapulagiko n'kuonetsa maselo onse limodzilimodzi. Muziyeza batire litapuma mphindi zingapo, osati lili lotentha kuchokera kouluka.

Selo lodzaza ndi 4.2V, ndipo lisapyole pamenepo. Lisatsike pansi pa 3.0V, ambiri timatera likafika cha pa 3.5V. Maselo akasiyana ndi 0.01 kapena 0.03V palibe nkhawa. Akasiyana ndi 0.1V kapena kupyola, ikani chaja pa Balance, kuti ifananitse maselowo, osati pa Charge wamba, mutalowetsa mapulagi onse awiri, lalikulu ndi kakang'ono koyera kaja, ndipo chajani pa 1C, kutanthauza ma amp ofanana ndi kukula kwa batire. Ngati batire ndi la 2200mAh, ndiye 2.2A. Khalani pomwepo, musalisiye lokha, ndipo likhale pa simenti, osati pa matilesi. Onetsetsaninso mtundu umene mwasankha pa chajapo: LiHV, mtundu wina wa LiPo, imafika 4.35V pa selo, ndipo LiPo wamba mukaichaja choncho mukuitana moto.

Likadzaza, liulutseni kamodzi n'kuyezanso. Apa ndi pamene chilungamo chimaonekera. Selo lomwe lija likatsikanso kwambiri kuposa anzake, latopa, ndipo kulibalansa kambirimbiri sikungalidzutse. Ena amakakamiza selo lomwe latsikiratu poika chaja pa NiMH, pochajira mabatire a mtundu wina, kuti likwere. Ine sindingakulangizeni zimenezo, drone ndi nyumba n'zodula kuposa batire. Likatupa ngati kapilo kapena kumveka kafungo kotsekemera, musalichajenso n'komwe.

Ngati simuuluka kwa masiku angapo, sankhani Storage, chaja ifikitse selo lililonse cha pa 3.8V. Yezani madzulo ano, mutiuze nambala zitatuzo.