Ndikukaoda zovala ku Brazil, ndisamale ndi chani?

FUNSO: Anti, ine ndi mayi wa geni, ndimagulitsa zovala ku Area 25 ndipo nthawi zonse ndimakaoda ku Dar ndi ku Joni. Pano anzanga andikopa kuti March akubwerayu tikayese São Paulo ku Brazil, viza yatuluka kale. Abambo akunyumba akuti kumeneko kuli matenda komanso akuba, nde mantha andigwira. Neti ndi LA ndagula kale, china chofunika ndi chani?

YANKHO: Achemwali, pitani ndithu, koma neti ndi LA zomwe mwagulazo zandidetsa nkhawa chifukwa mwakonzekera udzudzu wakuno. Malungo ku Brazil ali kwambiri ku chigawo cha Amazon, kutali ndi komwe mukupita. Mumzinda wa São Paulo chovuta ndi matenda a dengue, ndipo udzudzu wake umaluma masana, makamaka kummawa ndi chakumadzulo, nthawi yomwe inu muzidzakhala mukuzungulira mmashopu a ku Brás neti ili ku hotelo. March ndi nyengo yake yeniyeni kukakhala kotentha ndi mvula, mu 2024 mokha anthu opitilira 6 miliyoni anadwala dengue mdziko limenelo. Nde gulani mankhwala odzola othamangitsa udzudzu, aja ali ndi DEET, muzidzola mmanja ndi mmiyendo musanatuluke komanso muzivala zamikono yaitali olo kutenthe.

Apa ndipomwe ndikufuna mumvetsetse. Dengue imayamba ngati malungo, thupi kutentha, mutu, kuphwanya mmafupa, kupweteka kuseli kwa maso, ndipo ife timathamangira kumwa LA ndi brufen osayezetsa. LA sachiza dengue, pomwe brufen ndi asipirini ndi oopsa chifukwa amapangitsa magazi kuchucha mkati mwathupi. Imwani panado yekha ndi madzi ambiri, mupite kuchipatala. Kutentha kukatsika musati mwachira, masiku amenewo ndi omwe ena amayamba kupweteka mmimba kwambiri, kusanza osalekeza kapena kutuluka magazi mnkhama, zikatero musadikire kuti kuche. Zipatala zaboma kumeneko zili pansi pa ndondomeko ya zaumoyo yotchedwa SUS ndipo zimathandiza ulere ngakhale mlendo, za pangozi zimatchedwa UPA ndipo zimatsegula usiku ndi usana. Ambulansi ndi 192, polisi 190. Mukadwala mutabwera kale kuno muwauze adokotala kuti munali ku Brazil.

Katemera wa yellow fever mubayitse pasadakhale, amayamba kugwira ntchito pakatha masiku 10 ndipo kuyambira 2016 WHO inati kubaya kamodzi ndi kwa moyo wonse. Kadi yachikasu ija izikhala mu pasipoti, pobwerera pa KIA atha kuifuna.

Za akuba abambo sananame. Chomwe amafuna kwambiri ndi foni, amakwatula ali pa njinga kapena pa njinga yamoto munthu ukuyang'ana mapu pamsewu, nde mukafuna kuigwiritsa ntchito lowani mushopu kaye. Mumsewu wa mashopu wa Rua 25 de Março anthu amadzaza ngati ku Tsoka Loweruka, chikwama chizikhala kutsogolo, ndalama za oda muzigawe pawiri patatu osayenda nazo zonse. Wina akakuopsezani mpatseni basi musalimbane naye, ena amakhala ndi mfuti. Usiku itanani takisi pa app ya Uber kapena ya 99. Chingerezi ambiri samva, amayankhula Chipwitikizi, adiresi ya hotelo muilembe papepala kuti foni ikapita musasowe pogwira.

Ndipo chonde chonde, musanyamulire munthu katundu pobwera, kaya ndi mMalawi mnzanu, kaya akuti ndi mawigi kapena nsapato za mlongo wake ndipo akulipirani tikiti. Pa eyapoti ya Guarulhos ku São Paulo amamanga anthu kawirikawiri atapezeka ndi cocaine msutikesi, ndipo amagwira yemwe dzina lake lili pa chikwamacho. Anzanu mukupita nawowo muwauzenso zimenezi musananyamuke, aliyense alongedze yekha ndi kukhoma loko wake.